Kodi Timaseka Ciani pa Zikwangwani?

Loweruka lapitali ndinayenda pansi kucokera ku Mtendere kupita ku Kalingalinga, kutsata mseu wa Alick Nkhata, uko mageti, mabedi ndi mipando zimayalidwa m'mbali kuyembekezera ogula. Nditalowa m'komboni ndinayamba kuwerenga zipupa. Pa kantemba kena panalembedwa kuti "Nkongole mailo." Pa mpanda wina, "Osataya zinyalala pano," pansi pake pali mulu wa zinyalala.

Kenaka ndinaona amai ena akugulitsa nsomba. Pa katoni analembapo ndi khala kuti "Flesh fish." Ndinaseka, n'kutulutsa foni kuti anzanga a pa Facebook asekeko nawo.

"Mwana wanga, wajambula ciani?" anafunsa motero.

"Nsomba cabe, amai," ndinayankha.

Bodza limeneli landivutitsa sabata yonse. Ngati kuseka kwanga kunalibe mlandu, ndinabisiranji?

Wina anganene kuti nthabwala ndi nthabwala, ndipo m'komboni timapirira zambiri cifukwa ca kuseka. Ndi zoona. Koma amene analemba "Nkongole mailo" anafuna kuti tiseke. Akukana ngongole popanda kukhumudwitsa mnansi. Pamenepo tikusekera limodzi. Amai aja sanalembe nthabwala. Analemba kuti nsomba zigulidwe, ana adye.

Tiyeni tione cimene timaseka. M'Cinyanja, l ndi r sasiyanitsa mau: unene "lero" kapena "lelo," tsiku ndi lomwelo. Amaiwo analemba cimene khutu lao linamva, m'cinenero ca eni. Ndipo anasankha Cingelezi cifukwa ndife tomwe timaona ngati malonda olembedwa m'Cingelezi ndiwo apamwamba.

Nanga sukulu? Malipiro a ku pulaimale anacotsedwa mu 2002, a ku sekondale mu 2022. Ambiri mwa makolo athu anakula sukulu ili ya ndalama, ena n'kulekezera panjira kuti alongo ao apitirize. Tikaseka kalembedwe kao, nthawi zambiri timaseka mwai umene iwo sanaupeze, pomwe ife tinaphunzira ndi ndalama za nsomba zomwezo.

Komanso cithunzi cimayenda. Cimafika pa foni ya mwana wao, anzake a m'kalasi atacizungulira, mwini katoni osadziwa kanthu.

Sindikuti tileke kuseka. Muyeso wanga tsopano ndi uwu: kodi ndingathe kumuonetsa mwiniwake cithunzico, tonse n'kuseka? Ngati ndingabise foni, ndiye kuti ndikunyoza. Ndipo ngati cilembo colakwika candiwawadi, akulu anati wakutsina khutu ndi mnansi: ndiwauze mwaulemu pomwepo, iwo asankhe kukonza kapena kusiya.

Cithunzi cija ndinacifufuta ndisanafike kunyumba. Koma kufufuta kunali kosavuta, cifukwa palibe anandiona. Cimene candikanika mpaka lero ndi kubwerera kwa amai aja kukawauza kuti sizinali nsomba zimene ndinajambula.