Kodi Amene Sanafune Kupha Ali ndi Mlandu?

Pali mawu amene amamveka kawirikawiri pamene pachitika ngozi pa msewu. Woyendetsa galimoto amatuluka ali njenjenje, nagwira manja kumutu, nati, "Ine sindinafune." Ndipo sanama ayi. Palibe munthu amene amadzuka m'mawa ndi kunena mumtima mwake kuti lero ndikagunda mwana wa mnzanga. Koma mwanayo wagona pansi, ndipo pa mpando wa galimoto pali lamya ya m'manja, m'menemo muli uthenga umene woyendetsayo anali kulemba, wosatha. Tsono, awerengi anzanga, funso lathu ndi ili: kodi munthu wotere ali ndi mlandu, kapena tingoti linali tsoka?

Tiyambe ndi zimene timazidziwa kumudzi. Mnyamata wapita kukasaka mbewa m'nyengo ya chilimwe, nayatsa moto pa tchire. Mphepo yauka, moto walowa m'mudzi ndi kutentha nkhokwe ya mwini wake. Pa bwalo la mfumu mnyamata uja akuti sanafune. Akuluakulu samtsutsa pa mawu amenewo. Iwo amangomfunsa kuti, "Kodi sunadziwe kuti udzu unauma? Kodi mphepo sunaione?" Akavomera, mlandu wamgwera, ndipo akwawo ayenera kulipa. Koma mphezi ikatentha nkhokwe yomweyo, palibe amene amaitanidwa ku bwalo. Motero makolo athu anasiyanitsa zinthu zitatu: choipa chochita dala, tsoka losapeweka, ndi kusasamala. Munthu wosasamala safuna choipacho, koma amasankha yekha njira imene adziwa kuti ingafike ku choipacho.

Kodi woyendetsa galimoto adziwa chiyani pamene atenga lamya? Inu amene mwaphunzira kuwerenga muli akulu kale mungathe kuyankha bwino koposa ena. Mukumbukira kuti poyamba munali kuloza chilembo chilichonse ndi chala, ndipo munthu akakuitanani simunali kumva. Kuwerenga kumafuna maso, ndiponso kumafuna mtima wonse. Ngakhale amene anazolowera amangofulumira chabe, koma panthawi imene ali pa mawu, maganizo ake sali pa china. Kulemba ndiye kumaposa, pakuti kumatenganso dzanja limene liyenera kukhala pa chiwongolero.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Galimoto imene ikuyenda makilomita 80 pa ola imapita mamita 22 pa sekondi imodzi. Munthu akayang'ana pa lamya masekondi 5 okha, galimoto yayenda mamita 110, ndiko kupitirira utali wa bwalo la mpira. Mtunda wonsewo galimoto yayenda yokha, yopanda maso. Taganizani za msewu wa M1 pa Lizulu tsiku la msika, pamene amayi ayala mbatata ndi kabichi m'mbali, anyamata a kabaza akudutsana, ana a sukulu akuyenda mumzere m'mphepete mwa phula. Munthu atati, "Ndimangeni nsalu kumaso ndiyendetse galimoto pamenepa pang'ono pokha," tonse tingamuyese wamisala. Koma wolemba uthenga amachita chomwecho, ndipo timangomuyang'ana.

Zimenezi zinayesedwa ndithu. M'chaka cha 2009 akatswiri a ku Virginia Tech, m'dziko la America, anaulutsa zimene anapeza ataika makamera m'malole oyenda maulendo aatali. Anaona kuti dalaivala akamalemba uthenga, maso ake amachoka pa msewu pafupifupi masekondi 5, ndipo ngozi kapena kutsala pang'ono kuchita ngozi kunachuluka ka 23 poyerekeza ndi nthawi imene sakulemba. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linanena m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1,190,000 amafa pa misewu chaka chilichonse, ndipo opitirira theka ndi oyenda pansi, okwera njinga ndi okwera njinga zamoto. Awa ndi anthu amene sanagwire chiwongolero cha galimoto, ndipo palibe anawafunsa ngati alola kuti moyo wawo uikidwe pa chiswe chifukwa cha uthenga wa munthu wina.

Wina adzati, "Ine ndachita zimenezi kambirimbiri, ndipo sindinagunde ngakhale nkhuku." Mawu amenewa ndi ofunika kuwaganizira bwino, chifukwa ndiwo amagonetsa chikumbumtima cha anthu ambiri. Tiyerekeze madalaivala awiri. Onse adutsa pa malo amodzi, pa liwiro limodzi, onse maso ali pa lamya. Pamene woyamba anali kudutsa, msewu unali wopanda munthu. Pamene wachiwiri anali kudutsa, kamwana kanathamangira mpira wake. Wachiwiriyo wamangidwa, woyamba wafika kwawo, wadya nsima, wagona tulo. Kodi woyambayo anachita chiyani chabwino choposa mnzake? Palibe. Kusiyana kwawo kunali m'miyendo ya kamwana kaja, osati m'mitima yawo. Ine ndiona kuti onse awiri analakwa mofanana, ngakhale kuti mmodzi yekha ndiye adzasenza chisoni. Cholakwa chinachitika pamene dzanja linatenga lamya, ngozi isanaoneke n'komwe.

N'chifukwa chake maiko ambiri amalanga mchitidwe umenewu ngakhale pasanagwe ngozi. Ku Britain analetsa kugwira lamya poyendetsa galimoto m'chaka cha 2003. M'chaka cha 2017 anakweza chindapusa kufika pa mapaundi 200, ndipo dalaivala amene sanathe zaka ziwiri chilandirire chiphaso chake amalandidwa chiphasocho akangogwidwa kamodzi kokha. Koma wapolisi sangakhale m'galimoto iliyonse, ndipo munthu amene amabisa lamya pofika pa chipata cha apolisi ndi kuitulutsanso akadutsa sanamve chimene lamulolo likufuna.

Palinso mbali ina imene siikambidwa kawirikawiri, ndiyo ya wotumiza uthenga. M'chaka cha 2009, ku New Jersey, m'dziko la America lomwelo, mnyamata wina amene anali kulemberana mauthenga ndi mtsikana anagunda mwamuna ndi mkazi wake amene anali pa njinga yamoto. Aliyense wa awiriwo anaduka mwendo wa kumanzere. Iwo anasumira mnyamatayo pamodzi ndi mtsikana uja, amene sanali m'galimotomo. M'chaka cha 2013 bwalo la milandu linamasula mtsikanayo, popeza panalibe umboni wakuti anadziwa kuti mnzakeyo adzawerenga akuyendetsa. Koma oweruza ananenetsa kuti munthu amene atumiza uthenga akudziwa kuti wolandirayo ali pa chiwongolero, ndipo adzawerenga pomwepo, angathe kukhala ndi mlandu nayenso. Amvetse zimenezi eni ake a minibasi ndi malole amene amakalipira dalaivala akachedwa kuyankha. Wantchito amene aopa kuchotsedwa ntchito adzayankha ndithu, ndipo mapanga awiri avumbwitsa.

Nanga ife okwera? Pano ndipo pavuta, chifukwa tinaleredwa kuti tisadzudzule munthu wamkulu pagulu, ndipo m'minibasi dalaivala ali ngati mwini nyumba. Anthu khumi ndi asanu amaona iye akulemba, nayang'anana, nakhala chete, aliyense kuyembekeza kuti mnzake ayambe. Wina amaopa kutsitsidwa panjira, wina amaopa kusekedwa kuti ndi wamantha. Ulemu ndi chinthu chabwino, ndipo sindifuna kuti ana athu autaye. Koma pali mawu aulemu amene angathe kunenedwa popanda kuchititsa munthu manyazi: "Pepani a dalaivala, apatseni akondakitala akuwerengereni," kapena, "Taimani pambali muyankhe, ife tidikira." Kuima pambali sikutha ngakhale mphindi ziwiri. Ndipo kawirikawiri mmodzi akangolankhula, ena onse amene anali chete aja amavomereza, dalaivala naika lamya m'thumba.