Pa Phiri la Mbuzi

Ndinafika pa nyumba ya boma ya Alabama, mumzinda wa Montgomery, dzuwa lisanayambe kuwawa. Panali zii. Udzu wometa bwino unali ukadali ndi mame, agologolo akuthamangitsana m'mitengo, ndipo chapatali bambo wina ankachotsa masamba m'njira. Ku America chilichonse mwa zigawo 50 za dzikolo chili ndi likulu lake, bwanamkubwa wake ndi nyumba yake ya boma. Ya Alabama inakhala pamwamba pa kaphiri kamene eni ake amakatchula kuti Goat Hill, phiri la mbuzi, poti kale mbuzi zinkadya msipu pamenepo. Dzinalo linandiseketsa, ndipo mantha aulendo anandichoka. Malo amene mbuzi zinayamba kupondapo sangaopseze munthu wokulira kumudzi ngati ine.

Nyumbayo ndi yoyera mbuu. Kutsogolo kuli nsanamira 6 zazitali, pamwamba pa khonde pali wotchi, ndipo denga lapakati ndi lozungulira ngati mphika wovundikira. Yoyamba pamalopo inamangidwa mu 1847 n'kupsa ndi moto mu 1849, choncho imene ilipo lero ndi yachiwiri, ya mu 1851. Aphungu anasamukira m'nyumba ina yapafupi mu 1985, n'chifukwa chake pabwalopo sipakhala piringupiringu. Mlendo amayenda mwaufulu, osafunsidwa kuti akufuna chiyani.

Ndili chiimire pa udzu woduladula bwinowo, ndinakumbuka malemu mayi anga. Iwo akapita kukacheza pakhomo pa eni, sankatengeka ndi bwalo losesa kapena maluwa a pakhonde. Ankapeza chifukwa chozungulirira kuseri kwa nyumba, akaone thandala la mbale, akaone kudzala, akaone amene akukwecha miphika ndi mmene wavalira. Panjira pobwerera ankandiuza kuti, "Mwanawe, pabwalo amasesera alendo. Ukafuna kudziwa banja, kaone kuseri." Tsiku limeneli ndinaganiza zoyenda monga ankayendera iwo.

Ndinakwera masitepe pang'onopang'ono mpaka pakhonde. Pansi, pafupi ndi nsanamira, pali nyenyezi ya mkuwa, yaing'ono, yoti munthu wofulumira angaiponde osaiona. Apa mpamene Jefferson Davis anaima pa 18 Febuluwale 1861 polumbira kukhala pulezidenti wa zigawo za kummwera, zimene zinadzipatula ku United States pofuna kuti ukapolo usathe. Patapita zaka pafupifupi 102, pa 14 Januwale 1963, George Wallace analumbira ubwanamkubwa pakhonde lomweli, n'kulonjeza khamu la azungu kuti kusiyanitsa anthu potengera khungu sikudzatha mpaka kalekale. Ndinanjuta n'kuigwira nyenyeziyo. Inali yozizira, yosalala chifukwa cha nsapato za anthu. Nditaimirira ndinaona msewu wonse wa Dexter Avenue, wotambalala, ukutsetsereka mpaka kumunsi kwa mzinda. Anthu oyenda kumeneko ankaoneka ngati nyerere. Ndinadzifunsa ngati si chifukwa chake mawu olankhulidwa pamalo okwera amatuluka ouma: wolankhulayo saona nkhope ya munthu aliyense.

M'katimo, ukangolowa, maso amagwera pa masitepe awiri a matabwa okwera mozungulira ngati chigoba cha nkhono, opanda mzati wowachirikiza pansi. Mmisiri amene amatchulidwa kuti anawakonza ndi Horace King. Iyeyu anabadwa kapolo mu 1807 ku South Carolina, n'kukhala katswiri womanga milatho, ndipo mu 1846 aphungu a Alabama anachita kukhazikitsa lamulo lapadera lomumasula. Ndinakwera nditagwira thabwa la m'mphepete, ndikulingalira za anthu amene anadutsa pomwepa mu Januwale 1861 kukavota kuti Alabama idzipatule. Ankapita kukateteza ukapolo atapondera luso la munthu amene anakulira mu ukapolowo. Nkhondo yapachiweniweni itatha, King yemweyo anasankhidwa kukhala phungu, n'kumalowa m'nyumba imeneyi ngati mmodzi wa opanga malamulo. Thabwa silisankha phazi. Linanyamula onsewo mofanana, ndipo lero lanyamulanso ine.

Nditatuluka ndinazungulira bwalo. Mbali ina kuli mbendera za zigawo zonse zitandandalikidwa, ina kuli chipilala chachitali chokumbukira asilikali a kummwera, chimene mwala wake woyamba anauika ndi Davis mwini mu 1886. Tsidya la msewu kuli nyumba ya matabwa imene Davis ankakhala ndi banja lake miyezi yochepa ya 1861, likulu la zigawo za kummwera lisanasamukire ku Richmond. Zonsezi ndinazidutsa mosachedwa. Chimene chinandiimitsa ndi chiboliboli cha dokotala wina, J. Marion Sims, chimene chaima pansi pa mitengo chakutsogolo kwa nyumbayo.

Sims amatamandidwa kuti anapeza njira yosokera fistula, chilonda chimene mayi amatsala nacho akavutika nthawi yaitali pobereka, n'kumangodontha mkodzo usana ndi usiku. Kwathu matendawa si achilendo. Ku Bwaila ku Lilongwe kuli malo othandizira amayi otere, ndipo aliyense wokulira kumudzi anamvapo za mayi amene anasiya kupita kutchalitchi ndi kumaliro chifukwa cha fungo, mwamuna n'kumuthawa. Choncho sindinganene kuti ntchito ya Sims inali yopanda pake. Koma njirayo anaipeza poyesera pa matupi a akapolo aakazi, kuyambira 1845 mpaka 1849, m'kachipatala kake mumzinda womwewu, popanda mankhwala ogonetsa. Atatu okha ndi amene mayina awo anasungika: Anarcha, Betsey ndi Lucy. Anarcha anali mtsikana wa zaka pafupifupi 17 pamene zinkayamba, ndipo anamuchita opaleshoni maulendo pafupifupi 30. Kapolo sakana. Amene ankavomera anali mwini wake.

Ndinakhala pamthunzi nthawi yaitali ndikuyang'ana chibolibolicho. Mwamunayo waima yekha, wovala bwino, nkhope ili phee. Amayi aja pabwalopo palibe. Chikumbutso chawo chili kwina mumzindamo, chimene mmisiri wina wamkazi, Michelle Browder, anachipanga ndi zitsulo zotayidwa n'kuchitsegulira mu 2021. Apa mpamene mawu a mayi anga anandimvekera bwino. Bwalo la boma silinama kwenikweni, limangosankha zoti mlendo aone. Zotsalazo uyenera kuzitsata wekha ndi mapazi.

Ndiye ndinayamba kutsika. Ukangodutsa mdadada umodzi umapeza tchalitchi cha njerwa zofiira, Dexter Avenue King Memorial Baptist Church. N'chaching'ono poyerekeza ndi nyumba zikuluzikulu za boma zimene zachizinga, ngati mwana woima pakati pa akuluakulu. Martin Luther King Jr. anabwera kudzakhala m'busa pano mu 1954 ali ndi zaka 25, n'kuchokapo mu 1960. M'chipinda chapansi cha tchalitchichi ndi mmene atsogoleri a anthu akuda anasonkhana pa 2 Disembala 1955 kukonza zonyanyala mabasi, mayi wina wakuda, Rosa Parks, atamangidwa m'basi dzulo lake. Kunyanyalako kunatenga masiku 381. Amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu ankalawirira mbandakucha wapansi, n'kubwerera madzulo wapansi, pamvula ndi padzuwa, ena n'kumanyamulana pa magalimoto a anzawo. Ndinaima pakhomo pa tchalitchicho n'kucheukira kumtunda. Nyumba ya boma ili pafupi kwambiri, moti munthu atafuula pakhonde lake, wa patchalitchi angamve. Komabe kwa anthu opemphera muno, kamtunda kameneka kanali katali kuposa ulendo wa kunyanja.

Kuseri kwa tchalitchi, pamsewu wotsatira, kuli Civil Rights Memorial, chikumbutso chimene Maya Lin anachikonza n'kutsegulidwa mu 1989. Ndi mwala wakuda wozungulira ngati tebulo. Madzi amatumphuka pakati pake n'kumayenderera mwakachetechete pamwamba ponse, ndipo pansi pa madziwo pazokotedwa mayina a anthu 40 amene anaphedwa pakati pa 1954 ndi 1968 pa nkhondo yofuna ufulu. Pali Emmett Till, mnyamata wa zaka 14 amene anaphedwa ku Mississippi mu 1955. Pali atsikana anayi amene anafa ndi bomba m'tchalitchi ku Birmingham pa 15 Seputembala 1963. Ndinaika chala pa dzina limodzi. Madzi anapatuka kuzungulira chalacho, ndipo nditachichotsa anabwereranso n'kuphimba dzinalo ngati sindinagwirepo. Kumtunda kuja ziboliboli zimafuna kuti uziyang'ane chogadamira. Pano umawerama, ndipo umachokapo m'manja muli monyowa.

Kumapeto kwa msewu, pa Court Square, pali kasupe wokongola wachitsulo wa mu 1885, magalimoto akumuzungulira. Munthu wosadziwa angangojambulitsapo chithunzi n'kupitirira. Koma apa panali msika wa anthu. Akapolo ankabwera nawo pa sitima zapamadzi mumtsinje wa Alabama ndi pa njanji, n'kuwayendetsa mumsewu wa Commerce Street, kuwatsekera m'nyumba zosungiramo katundu mpaka tsiku logulitsa. Pofika 1860 m'chigawo cha Alabama munali akapolo opitirira 435,000. Ndinaganiza za Nkhotakota, kumene anthu athu ankawolotsedwa nyanja kupita ku Kilwa ndi Zanzibar. Njira zinali zosiyana, ena kuvuma ena kuzambwe, koma kulira kwa mayi wolandidwa mwana n'kumodzi. Pangodya ina ya Court Square pali nyumba yotchedwa Winter Building, mmene munachokera telegalamu ya mu Epulo 1861 yololeza kuwombera Fort Sumter, chiyambi cha nkhondo yapachiweniweni. Tsidya lake mpamene Rosa Parks, ataweruka kuntchito yake yosoka, anakwerera basi madzulo a pa 1 Disembala 1955. Chiboliboli chake chinaikidwa pomwepo mu 2019. Sichili pa nsanja. Waima pansi, msinkhu wa munthu wamba, chikwama m'manja, ngati akudikirabe basi.

Ndinaima pambali pake n'kuyang'ana kumtunda. Kuchokera pano nyumba ya boma imaoneka mosiyana, yakutali, yowala padzuwa, ngati chinthu cha eni. Umu ndi mmene anaionera anthu pafupifupi 25,000 amene anadzaza msewuwu pa 25 Malichi 1965, kumapeto kwa ulendo wa ndawala wochokera ku Selma, mtunda wa makilomita 87, wofuna ufulu wovota. Ena mwa iwo anali akadali ndi zipsera za zibonga za apolisi za pa mlatho wa Edmund Pettus, za pa 7 Malichi. Atafika pamwamba sanaloledwe kukwera masitepe aja. Martin Luther King Jr. analankhulira pa lole imene inaimikidwa mumsewu, m'munsi mwa masitepewo. Usiku womwewo Viola Liuzzo, mayi wachizungu wa ku Detroit amene ankathandiza kunyamula oyendawo pa galimoto yake, anawomberedwa panjira ya ku Selma. Dzina lake lili pansi pa madzi aja. Pa 6 Ogasiti chaka chomwecho lamulo loteteza ufulu wovota linasainidwa.

Dzuwa linali litafika paliwombo, koma ndinaganiza zobwerera wapansi. Chitunda chake si chachikulu, ngakhale kuti pakutentha kwa Alabama thukuta silichedwa, ndipo akatumba anayamba kundikumbutsa zaka zanga. Ndinadutsanso tchalitchi chija, n'kufika pamene panaima lole, n'kupuma pang'ono. Kenaka ndinakwera masitepe, limodzilimodzi, popanda wondiletsa. Mlendo wakuda wochokera kutali, wopanda dzina mumzindamo, ndinakafika mpaka pa nyenyezi ija. Mmawa ndinakwera masitepe omwewa osaganiza kanthu. Ulendo wachiwiriwu ndinadziwa kuti alipo amene anandilipirira.

Akuluakulu amati mlandu suwola, ndipo Montgomery ikuoneka kuti yayamba kuvomereza zimenezi. Pa kaphiri kena mumzindamo anatsegula National Memorial for Peace and Justice mu 2018, pamene zitsulo zopitirira 800 zanyamula mayina a anthu akuda oposa 4,400 amene anaphedwa ndi magulu a anthu popanda kuzengedwa mlandu pakati pa 1877 ndi 1950. Mzinda umene unkabisa kuseri kwake tsopano ukuitana alendo kuti akakuone. Sindinachoke ndi mkwiyo. Ndinachoka ndi funso lokhudza mabwalo athu omwe, ndi zipilala zathu zomwe: ndani amene tamuimika pamthunzi, ndipo ndani amene anagwira ntchitoyo koma dzina lake tinalisiya kudzala?

Inu amene mudzapeze mwayi wofika ku Montgomery, musadzachite ngati ine poyambira pamwamba. Mudzayambire pa kasupe, mudzasiye galimoto, mudzakwere Dexter Avenue wapansi, ndipo mukafika pa mwala wakuda uja mudzaviike chala m'madzi musanapitirire.