Kodi Mlonda wa Pachipata Amafunsidwa ndi Ndani?

Ndimalemba mapulogalamu a pafoni kuno ku Livingstone, m'kachipinda kanga ku Dambwa. Ntchitoyi imafuna kupirira. M'chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, ndinkadzuka pakati pa usiku magetsi akangobwera kuti nditchaje laputopu. Zimenezo sindidandaula nazo, mvula ndi ya Mulungu. Chimene chimandisowetsa mtendere ndi chipata chimene anthu anzathu anamanga pakati pa ntchito yanga ndi amene ndinawapangira.

Kuyambira mu Novembala 2023, Google inalamula kuti munthu amene wangotsegula akaunti yakeyake apeze anthu 20 oyesa pulogalamu yake masiku 14 osadukiza isanaloledwe pa Play Store. Kumapeto kwa 2024 anatsitsa chiwerengerocho kufika pa 12. Chilamulo cha Mose chinkakhutira ndi mboni ziwiri kapena zitatu, ngakhale pa mlandu wa imfa.

Mboni zangazo ndi ndani? Wina ndi mayi wogulitsa kapenta pamsika wa Maramba, amene foni yake imadzaza msanga moti amafufuta pulogalamu yanga kuti asunge zithunzi za mdzukulu wake. Wina ndi dalaivala wa takisi amene bandulo imamuthera Lachitatu. Anthuwa amandidziwa, amadziwa tchalitchi changa ndi kwathu ku Chipata, koma zonsezo pachipata paja sizimveka.

Sindikunena kuti chipata chichoke. Tonse tikuwadziwa mapulogalamu a ngongole amene amasesa manambala m'foni n'kuyamba kuchititsa munthu manyazi kwa abale ake. Mlonda akufunika. Funso langa ndi lakuti: kodi woweruza amene sangafunsidwe angakhale wolungama? Olemba mapulogalamu m'mayiko ambiri amadandaula chimodzimodzi, kuti ntchito yawo ikakanidwa amalandira yankho lokonzeratu, ndipo munthu woti akambirane naye samupeza.

M'buku la Genesis, Mulungu analola Abrahamu kumuchonderera za Sodomu, kutsika kuchokera pa olungama 50 mpaka 10, ndipo sanamudzudzule. Yobu anafunsa mafunso owawa, pomaliza anayankhidwa. Ngati Mlengi, amene alibe womulamula, amatchera khutu kwa munthu wafumbi, kampani ilibe chifukwa chobisalira kuseri kwa makina.

Tifufuzeni, tipempheni ziphaso, tidzapereka. Koma amene ali ndi mphamvu yotsekera mnzake pakhomo la chakudya aonekere nkhope, atchule chifukwa chake, amvenso mbali yathu.