Kodi Kuwerengera Chuma cha Pakhomo N'kukayikira Allah?

KHUTBA YOYAMBA

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, Mbuye wa zolengedwa zonse, amene riziki la chamoyo chilichonse lili m'manja mwake. Ndikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo wake komanso Mtumiki wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja lake ndi pa maswahaba ake onse. Inu akapolo a Allah, ndikudzilangiza ndekha ndi kukulangizani inu kuti timuope Allah pobisika ndi poonekera.

Abale anga m'chikhulupiriro, pali mawu amene timawamva kawirikawiri pakati pathu: "Riziki ndi la Allah, tidye za lero, za mawa adziwa Iye." Munthu akamalemba m'kope ndalama zimene walowetsa ndi zimene watulutsa, ena amamunena kuti ndi woumira, ena amati chikhulupiriro chake n'chofooka. Akapempha mbale wake kuti alemberane ngongole, amamuyankha kuti, "Kodi wandiyesa wakuba?" Funso la lero ndi limeneli: kodi amene amawerengera ndi kusungira mawa wachepetsa kuyedzamira kwake mwa Allah?

Gawo loyamba la mawu aja ndi loona. Riziki limachokeradi kwa Allah. Cholakwika chili pa gawo lachiwiri. Imam Tirmidhi adalandira nkhani ya munthu amene adafunsa Mtumiki (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) ngati amange ngamira yake kapena aisiye n'kuyedzamira mwa Allah, ndipo adalamulidwa kuti aimange, kenako ayedzamire. Chingwe ndi ntchito ya manja, kuyedzamira ndi ntchito ya mtima, ndipo ziwirizi sizilimbana.

Taonani Mneneri Yusuf (mtendere ukhale pa iye) mu Surah ya 12. Atamasulira loto la mfumu ya ku Iguputo, adalangiza kuti m'zaka 7 za dzinthu anthu adye pang'ono, zotsala azisunge m'ngala zake, kuti zidzawapulumutse m'zaka 7 za chilala. Ndani mwa ife angaposere Yusuf pa kuyedzamira mwa Allah? Komatu iye adawerengera zaka, adawerengera zokolola, adaganizira ngakhale kasungidwe kake.

Ife nkhani imeneyi timaiona chaka ndi chaka. Mu Meyi ndi Juni chimanga chikachuluka, mtengo wake umagwa, ndipo ambiri timagulitsa mpaka nkhokwe kutsala pang'ono. Mu Januwale ndi Febuluwale timabwerera kumsika kukagula chimanga chomwecho pa mtengo wowawa, mwina ndi ndalama yokongola. Imeneyo sitingaitche qadar yokhayokha, pakuti mbali ina ndi ntchito ya manja athu. Musanagulitse thumba loyamba, khalani pansi ndi mayi a pakhomo, muwerengere kuti banja limadya matumba angati pa mwezi, mupatule okwana kufikira kukolola kwina, mupatulenso mbewu. Chotsalacho ndiye chogulitsa.

Pali umboni wina umene sitiuganizira. Zakaat ndi nsichi ya Chisilamu, ndipo imaperekedwa 2.5 peresenti pa ndalama ndi katundu wamalonda zimene zafika pa nisaab, yomwe ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena 595 a siliva, chikatha chaka. Munthu wosadziwa chimene ali nacho adzapereka bwanji Zakaat yake? Chipembedzo chimene chidatilamula Zakaat chidatilamulanso kuwerengera.

Koma tisabisale kuseri kwa mawu amenewa, chifukwa umbombo uliko ndithu. Alipo bambo amene ndalama ali nayo, koma ana ake amagona ndi njala, mkazi wake amachita kupempha sopo ngati mlendo. Ameneyo akuphwanya ufulu wa anthu amene Allah adamusungitsa. Mu Surah Al-Furqan ndime 67, Allah akutamanda akapolo ake amene pogwiritsa ntchito chuma samwaza ndiponso saumira, koma amakhala pakatikati. Kusiyana kwa wosamala ndi woumira kuli pa cholinga: wosamala amasunga kuti akwaniritse maudindo ake, woumira amasiya maudindo ake kuti asunge.

Tsono malipiro akafika, kapena mukagulitsa mbatata, nyemba ngakhale usipa, yambani ndi zokakamizika: chakudya, lendi, mankhwala, zofunika kusukulu ndi kumadrasa, ndiponso ngongole imene nthawi yake yakwana. Zokhumba za mtima zibwere pambuyo. Popita kumsika dziwiranitu chimene mukukagula ndi ndalama imene mwaikonzera. Funsani mtengo malo awiri kapena atatu. Yang'anani tsiku lothera ntchito pa mafuta, mkaka ndi mankhwala. Penyetsetsani sikelo, muone ngati ili pa ziro asanaikepo katundu. Pa chikwati ndi pa maliro tisapikisane, pakuti ulemu wa tsiku limodzi wasiya mabanja ambiri m'ngongole ya chaka chathunthu.

Ndanena zimene mwamvazi, ndipo ndikupempha chikhululuko kwa Allah, cha ine ndi cha inu. Mupempheni chikhululuko, ndithu Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

KHUTBA YACHIWIRI

Kutamandidwa konse n'kwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki wake.

Asilamu anzanga, ndime yaitali kuposa zonse m'Qur'an yolemekezeka ndi ndime 282 ya Surah Al-Baqarah, ndipo nkhani yake ndi ngongole: kuti ilembedwe, nthawi yobweza itchulidwe, pakhale mboni, kaya ngongoleyo ndi yaing'ono kapena yaikulu. Ndimeyi idatsikira maswahaba, anthu okhulupirika kuposa ife. Choncho kulemberana sikunyoza munthu. Munthu amaiwala, munthu amamwalira, ndipo otsala amadana pa chinthu chimene pepala limodzi likadathetsa. Ngati mumatenga shuga ndi mchere pangongole kugolosale, nanunso khalani ndi kope lanu, muzilemba pamodzi ndi mwini golosale tsiku lomwelo.

Kukongola pa vuto lenileni si tchimo. Mtumiki mwiniwake adamwalira chovala chake chankhondo chili pa chikole kwa Myuda chifukwa cha balere wa banja lake, monga adalandirira Imam Bukhari. Koma iye yemweyo adakana kupempherera jeneza ya munthu wangongole kufikira Abu Qatada atalonjeza kuti aibweza. Ngongole siikwiriridwa pamodzi ndi mwini wake.

Pa za katapira, Allah adaloleza malonda ndipo adaletsa riba. Taonani masamu ake. Munthu wakongola 1,000 meticais kuti adzabweze 1,500 pakutha pa mwezi. Akalephera, wokongoza amawerengera pa 1,500 ija, ndipo mwezi wachiwiri imafika 2,250, wachitatu 3,375. Pamenepo njinga imapita, mbuzi zimapita, mwina ndi munda womwe. Njira yabwino ilipo. Chipereganyu, chimene ambiri timachitcha xitique, ma ulama ambiri adachiloleza, chifukwa aliyense amalandira zofanana ndi zimene adasonkha, popanda chowonjezera. Ingosankhani anthu okhulupirika, ndipo zonse zilembedwe. Inunso amene mudakongoza m'bale wanu, ngati ali pa mavuto enieni mudikireni kufikira atapeza, monga ikulamulira ndime 280 ya Surah yomweyo.

Masiku ano chuma chathu chambiri chimayenda pa foni, pa M-Pesa, e-Mola ndi mKesh. Nambala yachinsinsi ndiyo kiyi wa nyumba yanu, musaiulule kwa munthu woimba foni ngakhale adzitchule dzina lotani. Uthenga ukabwera wonena kuti wina wakutumizirani ndalama molakwitsa, yambani mwaona ndalama zimene zili mu akaunti yanu. Ukabwera wonena kuti m'bale wanu wasintha nambala ndipo akufuna ndalama msanga, muimbireni pa nambala yake yakale. Musanatsimikize kutumiza, werengani dzina la wolandira. Mtumiki adatiphunzitsa kuti wokhulupirira salumidwa kawiri pa una umodzi.

Kwa inu ogulitsa, ndipo ambiri muli muno. Surah ya 83, Al-Mutaffifin, ikuyamba ndi chenjezo loopsa kwa amene polandira amafuna muyeso wodzaza koma popereka amachepetsa. Anthu a ku Madyan adawonongedwa atakana uphungu wa Mneneri Shu'aib, ndipo limodzi mwa machimo awo lidali la miyeso ndi sikelo. Chitini chophwanyidwa pansi, sikelo yopotozedwa pogula chimanga kwa alimi, tomato wowola wobisidwa pansi pa mulu, zonsezi ndi za mtundu umodzi. Imam Muslim adalandira kuti Mtumiki adapisa dzanja mu mulu wa chakudya pamsika napeza kuti m'kati ndi monyowa, ndipo adamudzudzula mwini wake chifukwa chosaika chonyowacho pamwamba kuti anthu achione.

Wogulanso ali ndi mlandu wake. Kunenerera mtengo n'kololedwa, koma kupanikiza mayi wamasiye amene wakhala padzuwa tsiku lonse ndi masamba ake, podziwa kuti madzulo sangachitire mwina, kumeneko n'kudyera pa kusowa kwa mnzako. Mtumiki adapemphera chifundo cha Allah kwa munthu wofewa pogulitsa, pogula ndi polonjerera ngongole.

Akapolo a Allah, tsiku la Kiyama munthu adzafunsidwa mafunso awiri pa chuma chake: adachipeza bwanji, nanga adachigwiritsa ntchito yotani. Amene amadziwerengera lero akukonzekera mayankho a tsiku limenelo. Mukabwerera kunyumba, lembani amene muli nawo ngongole ndi amene ali nanu ngongole, ndipo muwauze a m'banja mwanu pamene mwaika pepalalo.

E Allah, tikwaniritseni ndi za halaal kuti tisasowe n'kufuna za haraam. Dalitsani minda yathu, malonda athu ndi malipiro athu. Apeputsireni amene alemedwa ndi ngongole, chiritsani odwala athu, khululukirani akufa athu, ndipo lipatseni dziko lathu la Mozambique mtendere ndi mvula yabwino. Ameen.

Imirirani tipemphere Swala.