Kodi Aliyense Woukira Ufumu Woipa Ngwolungama?

Inu a ku Ntengo-Wambalame, mukayang'ana kolowera dzuwa, maso anu apenya ku Makanga. Dziko limenelo linalamulidwa kale ndi banja la a Pereira. Kholo lao, Gonçalo Caetano Pereira, linacokera ku Goa, ku India. Ana ace ndi adzukulu anakwatira m'mabanja a mafumu a Acewa, namanga malinga, nasonkhanitsa ankhondo ao, Acikunda. Tsiku lina analandira maudindo kwa Apwitikizi, tsiku lina anawathira nkhondo. Wotsiriza wao, Cinsinga wa ku Muchena, anaukira boma la atsamunda, nagonjetsedwa m'caka ca 1902.

Tsono ndikufunsani: kodi anacita bwino?

Mtima ufulumira kubvomera, pakuti ufumu wa Apwitikizi unali wa msonkho ndi cibalo, ndipo palibe wanzeru angauikire kumbuyo. Koma musafulumire. Cuma ca banja limeneli cinacokera ku minyanga ya njobvu ndi ku malonda a akapolo. Talingalirani za mai wogwidwa m'munda mwace, womangidwa goli m'khosi, wotsikira ku Tete osadzaonanso ana ace. Kwa iye, wobvutitsa sanali mfumu ya ku Lisboa imene sanaionepo, koma mwini linga amene ife tifuna kumtamanda lero.

Nkhani yotere si ya kwathu kokha. M'ufumu wa Agiriki wa ku Constantinople munali banja lomveka la a Phokas, eni minda yaikuru ku Cappadocia. M'caka ca 987 Bardas Phokas anadzilonga ufumu poukira Basil II, nafa mu 989 pafupi ndi Abydos. Pambuyo pace, mu 996, Basil anaika lamulo lobwezera alimi osauka minda imene akuruakuru anawalanda. Sindinena kuti Basil anali wacifundo. Nayenso anali kuteteza mpando wace ndi msonkho wace. Ndinena kuti pa mkangano umenewo mlimi anapeza mpumulo kwa mfumu, osati kwa woukirayo.

Cifukwa cace, pomva kuti wina anaukira wamphamvu, musafunse za mdani wace yekha. Funsaninso kuti anali kumenyera yani, ndiponso kuti akadapambana, goli lija likadacoka m'khosi mwa mai uja kapena ai. Cinsinga anagonja, goli la a Pereira linathyoka, ndipo anthu a ku Makanga analowa m'cibalo ca Apwitikizi.