Tsokonombwe Anatha Mtunda n'Kudumpha

Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, amatero akuluakulu. Mwambiwu timatonthozera munthu amene zake zikuyenda pang'onopang'ono, koma alipo Mmalawi amene kudumpha kunamufikitsadi kutali. Mu 1972, dziko lathu litapita koyamba ku masewero a Olimpiki mumzinda wa Munich ku Germany, amene ananyamula mbendera anali Martin Matupi, ndipo mpikisano wake unali wa triple jump, uja wodumpha katatu. Mendulo sanabwere nayo, ndipo mpaka lero Malawi sanailawepo mendulo ya Olimpiki. Koma tapitani pamsika wa Manje mukafunse amene akulidziwa dzinali. Adzakutchulirani osewera a Bullets ndi a Manoma mpaka okhala pabenchi, za Matupi n'kungokuyang'anani.

Masewerowa ali ndi mwambo wake. Munthu amathamanga mamita 40 kapena kuposerapo, naponda thabwa. Akanyamukira mwendo wamanja, ayenera kuteranso ndi wamanja womwewo. Kenako atambasule n'kutera ndi wamanzere, kachitatu ndiye adziponye mumchenga. Pamipikisano ikuluikulu thabwa la amuna limakhala mamita 13 kuchokera padzenje, ndiye kuti maulendo awiri oyambawo munthu amatera pouma, thupi lonse litatsamira chidendene chimodzi. Apa ndi pamene anyamata ambiri amagwera. Mphamvu zonse amathera pa kudumpha koyamba kuti atsikana aombe m'manja, kwachiwiri bondo lafooka, kwachitatu angogwa chagada. Ndidyeretu, chire anasowa mbewu. Wodziwa amagawa mphamvu zake patatu, ndipo nzeru imeneyi mwana sabadwa nayo, amachita kuuzidwa ndi wamkulu amene waima pambali ndi tepi m'manja.

Miyendo yokha kuno ilipo. Taonani atsikana akusewera phada kuseri kwa nyumba, mwendo umodzi m'mwamba, winawo ukudumpha mabokosi ojambula ndi khala osaponda mzere. Chiyambi cha triple jump n'chomwecho. Ndipo chichokereni namondwe wa Freddy, amene mu Malichi 2023 anagumula phiri la Soche natisiyira maliro ndi zigwembe, ana athu amapita kusukulu modumpha ngalande. Ndinaonapo kamnyamata kena kakuwoloka chigwembe, nsapato zili m'manja, mabuku ali m'jumbo. Kanaponda mwala, kanaponda unzake, kachitatu kali tsidya. Amayi amene ankachapa pamenepo anakakalipira kuti kadzathyoka. Sanalakwe amayiwo. Kungoti panalibe wina woti akauze kuti zimene kachitazo anzake amakwera nazo ndege.

Wina anena kuti izi n'za mayiko olemera. Burkina Faso ndi yolemera kodi? Hugues Fabrice Zango, wobadwira ku Ouagadougou mu 1993, anadumpha mamita 18.07 mu Januwale 2021, kukhala munthu woyamba kupitirira mamita 18 pabwalo lam'nyumba. Chaka chomwecho ku Tokyo anapatsa dziko lake mendulo yoyamba ya Olimpiki, ndipo mu 2023 ku Budapest anakhala katswiri wa dziko lonse lapansi. Inu makolo amene mumati masewero amapha sukulu, dziwani kuti mnyamatayu ankachita zonsezi akuphunzira zamagetsi ku France mpaka anatenga digiri ya udokotala. Kwa atsikana, Françoise Mbango wa ku Cameroon anatenga golide wa Olimpiki kawiri, mu 2004 ndi mu 2008.

Liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Anzathu ena ana awo amayamba ali aang'ono, ife timadzidzimuka mpikisano utatsala sabata, n'kumadabwa kuti tatsalira. Mpira uli ndi bwalo lake pompano pa Chiwembe, ndipo sindikuuchitira nsanje. Koma wodumpha safuna bwalo la mamiliyoni. Amafuna kanjira kosalala, thabwa, tepi, ndi dzenje la mamita 8 kapena 9 lodzaza mchenga wofewa. Masiku athu aphunzitsi ankatitumiza ndi makasu kukagawula kumapeto kwa bwalo, ndipo tsiku la masewero likafika aliyense ankadziwa amene amadumpha kuposa anzake pasukulupo. Lero mchenga wonse wotapidwa m'mitsinje yathu umathera kuzomangamanga, ndipo mwana akadumphira padothi louma amangovulala chidendene n'kusiyiratu.

Kuwongola mtengo mpoyamba. Amene adzanyamule mbendera m'tsogolomu panopa ali sitandade 6 kapena 7, ndipo sadziwa n'komwe kuti amadumpha mamita angati. Inu aphunzitsi aakulu a sukulu za kuno ku Manje, ndi inu a komiti ya makolo, mukakhala pansi temu ino ikani nkhaniyi pamndandanda. Pemphani lole imodzi ya mchenga kwa otapa aja, makasu tibweretsa ndife.