Kodi kupeka nkhani ya makolo ndi bodza?



Tiyerekeze kuti mmodzi wa ife walemba buku la chikuto cholimba ndi zithunzi zokongola, lonena za nkhondo ya pa phiri la Hora. Zoona zake zilipo: cha m'ma 1880 Atumbuka motsogozedwa ndi Baza Dokowe anaukira Angoni a M'mbelwa, anazingidwa paphiripo, ambiri n'kuphedwa. Nanga wolembayo akapeka mawu amene Baza anauza anthu ake usiku umenewo, wanama?

Ine ndikuti ayi, bola owerenga auzidwe poyera kuti apa mpopeka. Kamnyamata koweta ng'ombe, ludzu lake, mantha ake, pekani mmene mungathere. Pamene pavuta ndi kumusenzetsa munthu weniweni nkhanza kapena chinyengo chimene sanachite. Wakufa sangadziyankhire, ndipo zidzukulu za mbali zonse ziwiri zimagula limodzi mumsika wa pa Mzimba boma.

Imam Bukhari ankafufuza munthu aliyense wa mu isnad asanalandire Hadith. Zoonadi, nthano si Hadith. Komatu buku likakongola anthufe sitifunsanso kuti "munamva kwa ndani?" Mwana wa ku Embangweni akaliwerenga adzakafotokozera anzake kuti ndi mmene zinachitikira.